Madzi akabwera usiku, anthu athawire kuti? Momwe mzinda ungakonzekerere ngozi zogwa mwadzidzidzi

Mukafuna kudziwa ngati khonsolo ya mzinda wanu ndi yokonzeka kulimbana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, musadikire Januwale. Pitani kwa khansala wa wodi yanu mu Ogasiti kapena Sepitembala, kunja kuli fumbi lokhalokha, mukamufunse zinthu zitatu: madzi akabwera usiku anthu a m'mbali mwa mtsinje athawire kuti, makiyi a malowo akusunga ndani, nanga adzawadzutse ndani. Akakuyankhani potchula mayina a anthu ndi mayina a malo, ndiye kuti poyambira palipo. Koma akayamba kukuuzani za ndondomeko yomwe ili mukompyuta ya bwana wina ku ofesi, dziwani kuti ntchito sinayambe.

Ine ndakhala mlembi wa komiti yoona za ngozi m'wodi ina kuno ku Blantyre, m'munsi mwa limodzi mwa mapiri athuwa. Madzi a 2015 anandipeza ndili m'komitimo, namondwe wa Freddy wa mu 2023 nayenso anandipeza momwemo. Ndikulembera makhansala, ma block leader, ogwira ntchito kukhonsolo ndi aliyense amene anzake amukankhira m'komiti yotereyi osamuuza chochita. Zitsanzo zambiri ndi za ku Blantyre kuno, koma wa ku Mtandire ku Lilongwe kapena wa ku Masasa ku Mzuzu sazipeza zachilendo.

Yambani ndi anthu, osati mapepala

Malamulo tili nawo. Napolo atasesa anthu ku Phalombe mu Malichi 1991, boma linakhazikitsa lamulo loyamba la za ngozi chaka chomwecho, ndipo ndi lomwe linatiyendetsa zaka zoposa 30. Mu 2023, Freddy atangodutsa, aphungu anavomereza lamulo latsopano lomwe likutsindika zokonzekera ndi kuchepetsa chiopsezo, osati kungogawa ufa zinthu zitaipa kale. Pamwamba pali nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ya DoDMA, pansi pake pali makomiti a m'maboma ndi m'mizinda, kutsika mpaka kuwodi. Papepala zonse zili m'malo mwake.

Koma likulu la DoDMA lili ku Lilongwe. Pa Freddy, usiku umene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, oyamba kukumba anali anthu oyandikana nawo, ndi makasu, mafosholo ndi manja. Asilikali ndi a Red Cross anafika ndipo anagwira ntchito yaikulu, komabe maola oyamba, omwe munthu wokwiririka amakhala akupuma, amakhala m'manja mwa anthu a pamalopo. Choncho komiti ya wodi si yokongoletsera lipoti. Ndi yomwe imagwira ntchito nthawi imene wina aliyense sanafike.

Posankha anthu a m'komitimo kumbukirani kuti tauni si mudzi. Kumudzi nyakwawa imadziwa nyumba iliyonse, mbuzi zomwe. Ku Ndirande kapena ku Bangwe munthu amatha chaka chathunthu osadziwa dzina la amene akuchita lendi kuseri kwa khoma lake. Ndiye funani anthu amene ntchito yawo imawakumanitsa ndi khamu tsiku ndi tsiku: mayi wogulitsa madzi pakiyosiki, wapampando wa anyamata a kabaza, mlangizi wa zaumoyo, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale, abusa, shehe, wapampando wa msika, a chitetezo cha m'dera. Mayi wa pakiyosiki uja musamuderere. Amadziwa nyumba yomwe muli nkhalamba yosayenda, amadziwa amene ali ndi pakati potopa, amadziwanso amene wasamuka mwezi uno, chifukwa ndowa zonse zimadutsa pamaso pake.

Amene muwapewe ndi a mitundu iwiri: obwera chifukwa cha chipani ndi obwera chifukwa cha alawansi. Achipani amachoka chisankho chikadutsa, ndipo zonse zomwe anaphunzira zimapita nawo. Aalawansi amadzadza holo tsiku la maphunziro, koma mvula ikagwa masiku atatu foni zawo sizipezeka. Pamenepa pali bala lakale lomwe sitilitchula kawirikawiri. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, ndipo m'zaka zimenezo mizinda inkakula, anthu akukwera m'mapiri ndi kutsikira m'madambo popanda wosankhidwa aliyense wowayankhulira kapena kuwaletsa.

Munthu aliyense m'komiti akhale ndi ntchito imodzi yolembedwa pafupi ndi dzina lake, komanso wachiwiri wake ngati iye wachokapo. "Tonse tidzathandizana" si ntchito.

Yendani wodi yonse ndi miyendo

Iyi ndi ntchito imene ndimaikonda kwambiri, ndiponso imene makhonsolo amaidumpha kwambiri chifukwa siioneka pa TV. Tengani kope, cholembera ndi anthu achikulire awiri kapena atatu omwe akhala m'deralo nthawi yaitali. Yambirani kumtunda, mutsike motsatira njira ya madzi, osati njira ya galimoto.

Afunseni akuluakuluwo kuti mu Januwale 2015 madzi analekeza pati. Adzakulozerani pakhoma, ena mpaka pano mzere wa matope ukuonekabe. Afunseni komwe kunkadutsa khwawa nyumba zisanamangidwe. Mudzadabwa kupeza kuti msewu wina umene ana amaseweramo mpira unali mtsinje, ndipo madzi sanaiwale. Mitsinje yathu ya Mudi, Nasolo, Naperi ndi Likhubula nthawi ya chilimwe imaoneka yofatsa, ina mwana amangoidumpha, koma imachokera m'mapiri otsetsereka omwe mitengo inatha, choncho madzi safika pang'onopang'ono ngati ku Nsanje. Amafika kamodzi, atanyamula miyala.

M'kopemo lembani zinthu zooneka ndi maso. Kalavati yotsekeka ndi mchenga, ndi dzina la golosale yomwe ili pafupi kuti wina aliyense akaipeze. Mlatho wa matabwa umene ana a sukulu amawolokera. Nyumba za zidina zomangidwa m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Mipanda ya njerwa italiitali yopanda zibowo zotulutsira madzi, yomwe imasunga madzi kumtunda kwake mpaka kugwera nyumba ya kumunsi. Mipanda yotereyi yavulaza anthu ambiri amene nyumba zawo zinali zolimba bwinobwino. Miyala ikuluikulu yomwe pansi pake pakumbidwa ndi oswa miyala kapena oumba njerwa. Malo omwe okumba mchenga adya gombe mpaka kufika pamaziko a nyumba. Mawaya a magetsi olendewera pamadenga. Zimbudzi zokumba zomwe zili kumtunda kwa zitsime.

Kenako lembani kaundula wa anthu amene sangathawe okha: okalamba, olumala, odwala ogonekera, amayi oyembekezera, ana okhala okha. Pafupi ndi dzina lililonse lembani dzina la munthu wamphamvu woyandikana naye amene wavomera kuti adzamunyamula. Mufunseni pamaso, avomere yekha. Musaiwale osamva, chifukwa wezulo ndi chimkuzamawu kwa iwo n'zopanda ntchito. Pafunika munthu wokagogoda ndi kulowa.

Kaundulayu amakalamba msanga. Alendi amasamuka mwezi ukatha, ena usiku pothawa ngongole ya nyumba. Muunikeninso mu Okutobala, mubwerezenso kumayambiriro kwa Januwale. Eni nyumba ena amakana kutchula alendi awo poopa kuti khonsolo ikufuna kuwalipiritsa msonkho. Auzeni poyera kuti kope ili silipita ku ofesi ya misonkho, ndipo musunge lonjezolo. Mukaliphwanya kamodzi, chaka chamawa palibe adzakutsegulireni geti.

Mapu a wodi ajambulidwe pamanja, papepala lalikulu, apachikidwe pasukulu, patchalitchi ndi pamsika. Mapu ena ofanana nawo apite kukhonsolo, koma oyambawo akhale m'wodi.

Ngalande

Apa palibe nzeru zakuya. Ngalande ndi makalavati zitsegulidwe Okutobala asanathe, ndipo zomwe zavuulidwazo zinyamulidwe tsiku lomwelo kupita kumtaya wa zinyalala wa ku Mzedi. Kuunjika matope ndi mapulasitiki m'mbali mwa ngalande n'kudikira galimoto sabata ziwiri ndi kungotaya thukuta, mvula yoyamba imabwezera zonse momwe zinali. Wodi ingathe kusonkhanitsa anthu ndi mafosholo, koma galimoto ndi mafuta ndi udindo wa khonsolo, ndipo tsiku lake ligwirizanidwe anthu asanayambe kukumba.

Amene amati ngalande n'zazing'ono akaone ku Beira, ku Mozambique. Mzindawu uli pafupifupi mulingo umodzi ndi nyanja, ndipo meya wake wa nthawiyo Daviz Simango anatha zaka akulimbikira zokonza ngalande zikuluzikulu ndi kutsegula mtsinje wa Chiveve umene unatsekeka. Namondwe wa Idai atafika mu Malichi 2019 mphepo inasasula madenga mzinda wonse, koma m'madera omwe ngalande zinakonzedwa madzi anaphwa msanga kusiyana ndi komwe sizinafike.

Chenjezo liziuza munthu kopita

Tisanamizane, za Freddy tinachenjezedwa. Nthambi yoona za nyengo inalengeza masiku angapo namondweyo asanafike, mawayilesi ananena, mauthenga anazungulira pa WhatsApp. Komabe boma linawerenga anthu 679 omwalira ndi 537 osowa, ndipo oposa 659,000 anasowa pokhala. Ndiye vuto silinali kusamva kokha.

Taganizirani uthenga woti "anthu asamukire kumalo okwera". Kwa munthu wa ku Chikwawa ndi womveka. Nanga wa m'phiri la Soche, amene ali kale pamalo okwera ndipo phirilo ndi lomwe likumutsikira? Iye atamva uthengawo anadziona wotetezeka. Ntchito ya khonsolo ndi komiti ya wodi ndi kutenga chenjezo la dziko lonse n'kulisandutsa la pakhomo: "Inu nonse a kumtunda kwa tchalitchi chakuti, ndi inu a m'mbali mwa khwawa lakuti, pofika 4 koloko madzulo ano mukhale muli kusukulu yakuti. Mudzere njira ya kumsika, osati ya pamlatho. Tengani zofunda, mankhwala, chiphaso cha unzika ndi mabuku a kuchipatala." Uthenga ukhale ndi anthu ake, malo, nthawi, njira ndi zonyamula. Ulembedwe mu Okutobala n'kusungidwa, kuti tsikulo mudzangosintha nthawi.

Anthu asamuke kukuwala. Kusamutsa anthu 2 koloko usiku, magetsi atazima, njira zitasanduka mitsinje, n'kuwaika pangozi ina. Zikutanthauza kuti wina ayenera kulamula kusamuka mvula isanafike poopsa, pamene ena akuseka kuti mukuchita mantha ndi kamvula. Lembani pasadakhale kuti wolamulayo ndani, ndipo adzalamula akaona chiyani. Mwachitsanzo, a zanyengo akalengeza kuti namondwe alowa m'chigawo chino, kapena mvula ikagwa usana ndi usiku osakata kufika tsiku lachiwiri, a m'malo oopsa olembedwa ndi utoto wofiira pamapu aja azipita. Zikalembedwa chonchi, munthu mmodzi sasenza yekha mlandu wa chenjezo lomwe silinapherezere. Ndipo lidzakhalapo chenjezo lotero. Anthu adzagona pasimenti m'kalasi usiku umodzi, m'mawa n'kupeza nyumba zili chilili, ndipo adzakunenani. Pitani mukawafotokozere chifukwa chake munalamula, musabisale, kuti ulendo wina adzamverenso.

Aphunzitseni anthu a m'mapiri zizindikiro zomwe a zanyengo sangazione ali mu ofesi: ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, chitseko chomwe dzulo chimatsekeka lero chikukana, mitengo ndi mapolo kupendekeka, madzi kutumphuka pomwe sipanakhalepo kasupe, mtsinje kuphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, ndiponso mkokomo wochokera kumtunda. Mtsinje ukaphwa chonchi ndiye kuti china chake chautseka kumtunda ndipo chikhoza kuphulika nthawi iliyonse. Woona zimenezi asadikire block leader. Ndipo pothawa matope munthu athawire cham'mbali, osati kutsetsereka kutsogolo kwake.

Njira zofalitsira uthenga zikhale zingapo, ndipo zina zisadalire magetsi. Pa Freddy magetsi anazima, foni zinatha moto, netiweki inkavuta. Gulu la WhatsApp ndi labwino tsiku loyamba lokha. Pambuyo pake zomwe zimagwira ntchito ndi wezulo, belu la tchalitchi, chimkuzamawu cha mabatire, cha pamzikiti ngati pali jenereta kapena sola, ndi anyamata ogogoda khomo ndi khomo. Gwirizanani kaimbidwe kake kuti belu la ngozi lisafanane ndi la mapemphero kapena la maliro, ndipo muliyese kamodzi mu Novembala anthu atauzidwa. Ku Quelimane, ku Mozambique, komwe Freddy yemweyo anatulukira kuchokera m'nyanja pa 11 Malichi, akuluakulu a mzinda motsogozedwa ndi meya Manuel de Araújo analimbikira kuchenjeza anthu m'madera mwawo ndi kuwalozera malo othawirako, ndipo ngakhale mzindawo unaphwanyika kwambiri, imfa zinali zochepa poyerekeza ndi za kuno.

Pali chinthu china chimene a m'maofesi sachimvetsa. Munthu akakana kusamuka si kuti ndi mbuli. Akuopa akuba. Matiresi, wayilesi, mbaula, thumba la chimanga ndi kabokosi ka geni ndiye chuma chake chonse, ndipo akudziwa kuti akatseka chitseko n'kupita, akabwerako apeza mbee. Mukafuna kuti amvere, muuzeni amene adzalondere. Gwirizanani ndi apolisi ndi a chitetezo cha m'dera kuti adzazungulire m'malo osamukidwawo akuima pabwino, ndipo pamalo othawirako pakhale chipinda chimodzi chokhoma chosungira katundu, wolembedwa mayina. Bambo akaumirira kutsala, musataye nthawi kukangana naye. Tengani ana, amayi ndi agogo kaye.

Malo othawirako

Kuno kwathu malo othawirako amakhala sukulu ndi matchalitchi. Anthu a ku Chilobwe anasonkhana pasukulu ya Naotcha, ndipo mwambo wa maliro a ena mwa omwalirawo unachitikira pomwepo. Poti tikudziwa kuti zidzatero, tisadikire kuti anthu adzathyole loko. Khonsolo, ofesi ya maphunziro ndi mphunzitsi wamkulu asayinirane pepala mvula isanayambe: makalasi ati adzatsegulidwe, mabuku ndi madesiki adzasungidwe kuti, makiyi ali ndi ndani, ndipo winanso ndani ngati mphunzitsi wamkulu wapita kumudzi. Kaoneni sukuluyo ndi diso la ngozi. Ina ili m'dambo, ina denga lake likungodikira mphepo, ina kuti mukafikeko muyenera kuwoloka mtsinje womwe mukuuthawawo. Yotero ichotseni pamndandanda ngakhale ili yaikulu.

Werengani zimbudzi musanawerenge makalasi. Muyezo womwe mabungwe othandiza pangozi amatsatira ndi chimbudzi chimodzi kwa anthu 20, ngakhale masiku oyambirira amalolera mpaka 50, ndi madzi osachepera malita 15 pa munthu patsiku. Sukulu ya zimbudzi 10, zina zodzadza kale, singasunge anthu 2,000 popanda matenda. Zimbudzi zipopedwe mu Okutobala. Za amayi zikhale kwaokha, njira yake ikhale yowala usiku, ndipo amayi ndi ana agone zipinda zosiyana ndi abambo.

Pageti pakhale tebulo ndi kaundula kuyambira munthu woyamba kulowa. Dzina, komwe wachokera, anthu a m'banja lake amene ali nawo ndi amene sakuwaona. Funso lina lifunsidwe mwakachetechete ndi wa zaumoyo yekha, osati pagulu: kodi pali mankhwala omwe mumamwa tsiku ndi tsiku? Anthu a ma ARV, a TB, a shuga, a BP ndi a khunyu amathawa opanda botolo, ndipo ambiri sanganene pamaso pa aneba.

Thandizo likayamba kubwera ndi pomwe khalidwe la anthu limaonekera. Kumabwera magalimoto a makampani, mipingo, andale, aliyense ndi wojambula wake, ndipo onse amathamangira msasa umodzi womwe waoneka pa TV pamene wina wa kuseri kwa phiri ulibe ngakhale ndowa. Khonsolo ikhale ndi malo amodzi olembetsera thandizo lonse, ndipo iziuza opereka komwe kukusowa. Pamsasa, zomwe zalandiridwa zilembedwe pabolodi poyera: matumba angati a ufa, mabulangete angati, agawidwa kwa ndani. Pogawa pakhale amayi osachepera theka la ogawawo. Ndinaonapo mndandanda wa olandira utatupa usiku umodzi ndi mayina a anthu omwe nyumba zawo sizinadonthe n'komwe, ndipo chinatithandiza ndi kaundula wa pageti uja, poti anali ndi tsiku ndi nthawi yomwe aliyense analowa. Nkhani ya amuna ofuna atsikana posinthana ndi thumba la ufa inenedwe mokweza tsiku loyamba, ndipo aliyense adziwe mayi amene angakamuuze ndi wapolisi amene atengepo gawo.

Musaiwalenso amene sanabwere kumsasa. M'tauni ambiri amathawira kwa achibale kapena kwa anzawo a kumpingo, ndipo nyumba ya zipinda ziwiri imapezeka ikusunga mabanja atatu. Thandizo likamaperekedwa kumsasa kokha, mumakakamiza anthu kudzadzana m'makalasi kuti alembedwe. Alembeni komwe ali, ndipo komwe misika ikuyenda, ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba zimafika msanga kuposa lole ya ufa.

Madzi, magetsi ndi kolera zimayendera limodzi

Mzinda wa Blantyre uli ndi chofooka chimene aliyense wokonza ndondomeko ayenera kuchiloweza. Madzi ambiri omwe timamwa amapopedwa ku Walker's Ferry pamtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwera chitunda, ndipo amakwera ndi magetsi. Magetsiwo amachokera pa Shire yemweyo, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mvula ikachuluka, zinyalala ndi matope zimatseka makina, magetsi amazima, mipopi imauma. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anawononga Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ndiye tsiku lomwe madzi ali ponseponse ndi lomwe mumzinda mulibe madzi akumwa, ndipo anthu amatsikira kumitsinje ndi kuzitsime zomwe zimbudzi zasefukiramo.

Freddy anatipeza tili kale pakati pa mliri wa kolera woopsa kuposa ina yonse m'mbiri ya dziko lino. Unayamba mu Malichi 2022, unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iwo. Choncho ndondomeko ya madzi osefukira yopanda tsamba la kolera ndi yoperewera. Wodi ilembe mijigo ndi zitsime zotetezeka zonse, ikhale ndi klorini wosungidwa kwa mlangizi wa zaumoyo mvula isanayambe, pamodzi ndi mapaketi a Thanzi ORS ndi ndowa za mpopi zosambira m'manja. Khonsolo igwirizane ndi a bungwe la madzi za malo omwe galimoto zonyamula madzi zidzaime, ndipo zipatala zing'onozing'ono za m'madera ndi misasa zikhale zoyamba.

Chipinda chimodzi, mawu amodzi, ndalama zapafupi

Ngozi ikagwa, kukhonsolo kukhale chipinda chimodzi chomwe a khonsolo, apolisi, asilikali, a zaumoyo, ozimitsa moto, a madzi, a magetsi ndi a Red Cross akhale pamodzi, chokhala ndi jenereta ndi mafuta ake. Wotsogolera adziwike dzina mvula isanagwe. Wodi iliyonse ikhale ndi munthu mmodzi wotumiza malipoti kumeneko pa nthawi zoikika, ngakhale pa njinga ya kabaza foni zikafa. Ziwerengero za omwalira ndi osowa zizituluka pakamwa pamodzi. Palibe chopweteka ngati banja kumva pawayilesi nambala zitatu zosiyana pamene likuyendayenda pakati pa msasa ndi mochale ya ku Queens, yomwe pa Freddy inadzadza mpaka kusowa poika.

Makina okumbira khonsolo ilibe okwanira, ndipo sidzakhala nawo. Koma mumzinda muno muli makontirakitala a misewu ndi a zomangamanga omwe ali nawo. Lembani mndandanda wa makinawo, komwe amagona, foni ya woyendetsa, ndipo mugwirizane mtengo nthawi ya chilimwe. Kukambirana mtengo anthu ali pansi pa matope n'kochititsa manyazi mbali zonse. M'wodi namo mukhale kabokosi kokhoma kokhala ndi mafosholo, mapiki, zingwe zolimba, matochi, mawilibala, magolovesi ndi machira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Fosholo yomwe ili kunkhokwe ya boma kutsidya kwa mlatho wokokoloka siingakumbe aliyense.

Za moto ndingonena mwachidule, poti nazonso ndi za khonsolo. Galimoto yozimitsa moto ikafika pamsika n'kupeza njira zatsekedwa ndi mabenchi, kapena mpopi wotungira madzi unakwiriridwa ndi konkire, kufika kwake n'kwachabe. Kuyendera mipopi imeneyi, kutsegula tinjira ta m'misika ndi kuchotsa mawaya olumikiza mwachinyengo ndi ntchito ya Juni ndi Julayi.

Zonsezi zimafuna ndalama, osati zambiri, koma zopezeka msanga. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 Epulo. Ndiye ndalama zotsegulira ngalande mu Sepitembala ziyenera kumenyeredwa nkhondo miyezi ya Disembala ndi Januwale, bajeti ikamakonzedwa. Khansala amene wakumbukira za ngalande mu Okutobala wachedwa ndi chaka chathunthu. Pakhale mzere wakewake wa za ngozi mubajeti ya khonsolo, ndi lamulo lolola kutulutsa kagawo kena tsiku lomwelo ndi masiginecha awiri, malisiti n'kubwera pambuyo. Mafuta, mayunitsi ndi chakudya cha okumba sizingadikire komiti ya zogulagula kuti ikumane Lachinayi.

Nkhani yovuta: omwe akukhala posayenera kukhala

Aliyense amadziwa kuti pali malo m'mapiri a Soche, Ndirande ndi Bangwe, ndi m'mphepete mwa Lingadzi ku Lilongwe, pomwe sipayenera kugona munthu. Ngozi ikangochitika akuluakulu amalankhula mwaukali kuti onse achoke. Pofika Juni, anthu amakhala akuumba njerwa pamalo pomwe paja.

Ine sindikhulupirira zogwetsa nyumba popanda kopita. Munthu anakwera phiri chifukwa poloti ya khonsolo sakanaikwanitsa, ndipo ganyu yake ili ku Limbe kapena ku Ginnery Corner komwe amayenda wapansi. Mukamupatsa malo kutali kopanda madzi, sukulu ndi minibasi, adzagulitsa n'kubwerera. Komanso ambiri okhala m'malo oopsawa ndi alendi. Malo atsopano amapatsidwa kwa mwini nyumba, amene mwina amakhala kwina kwabwino, ndipo iye amangokonza nyumba ija n'kulowetsamo mlendi wina wosadziwa mbiri ya malowo.

Zomwe khonsolo ingachite n'zapang'onopang'ono koma zotheka. Iyambe ndi kuletsa nyumba zatsopano, chifukwa kuletsa maziko n'kosavuta kuposa kugwetsa nyumba yomwe muli ana. Amene amagulitsa malo m'mapirimo amadziwika mayina m'dera lililonse, ena ndi a m'makomiti athu omwewa, ndipo ayenera kuyankha mlandu. Malire a malo oopsa aikidwe ndi zipilala zopaka utoto wofiira zomwe wofuna lendi aliyense angazione, osati mzere wa pamapu a mu ofesi. Posamutsa, ayambe ndi nyumba zochepa zomwe zili m'njira yeniyeni ya madzi, apite nazo pamalo pomwe mpopi wafika kale, ndipo alendi alembedwe paokha kuti athandizidwe ndi lendi ya miyezi ingapo kwina. Pamalo pomwe pachoka nyumba padzalidwe mitengo kapena nsungwi mvula yomweyo, ndipo papatsidwe gulu lodziwika loti lizisamalira, chifukwa malo ongokhala m'tauni sachedwa kupeza mwini wina.